Za m'mutu ndi za m'kope

Ana anga, lekani kunamizira mutu. Kawirikawiri ndimamva wachinyamata akuti, "Ine mutu wanga sugwira zinthu." Koma yemweyo mungomuputa ndi nkhani ya mpira, akutchulirani osewera onse a Bullets ndi a Manoma, wogoletsa ndi mphindi imene anagoletsera, n'kuwolokera ku Arsenal ndi ku Chelsea osapumira. Mtsikana wodandaula kuti satha kuloweza kanthu ndi yemwe uja amatsogolera nyimbo kukwaya, mavesi onse, atangoimva kawiri katatu. Mutu wanu ulibe vuto, chimene chikusowa ndi kusankha. Zimene zili m'mutu mwanumo zinadzilowera zokha chifukwa zinkakoma, pamene zochepa zimene zingakuwomboleni tsiku la tsoka munazisungitsa kwa foni.

Foniyo sindikuinyoza. Imasunga mayina mazanamazana osasokoneza ngakhale limodzi, zimene ife akale tinkalephera ndi timabuku tathu ta m'thumba. Komanso palibe wanzeru amene angafune kuloweza chilichonse chimene wamva. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Koma dziwani khalidwe la mutu wa munthu: ukangozindikira kuti chinthu chasungidwa kwina, umachitaya. Mu 2011, Betsy Sparrow ndi anzake ku America anafufuza zimenezi. Anapatsa anthu ziganizo kuti azilembe pa kompyuta, n'kuuza ena kuti zolembazo zisungidwa, ena kuti zifufutidwa. Powafunsa pambuyo pake, amene ankayesa kuti zifufutidwa ndiwo anakumbukira zambiri. Ndiye mukapanda kukhala pansi n'kusankha nokha zoti zikhale m'mutu, foni idzatenga zonse, inu n'kutsala opanda kanthu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Pa chinthu chilichonse, yambani mwadzifunsa kuti: kodi chimenechi chingadzafunike ndili chimanjamanja? Nthawi imene munthu amafunitsitsa thandizo ndi yomweyonso imene foni imakhala palibe. Akuba akakugwirani pa depoti, choyamba kupita ndi foni. Minibasi ikagubuduzika, foni imasweka kapena imatoledwa ndi ofika msanga pangozi. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, madzi atasesa midzi ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, anthu ambiri anathawa ndi zovala za m'thupi zokha, ndipo magetsi anazima masiku angapo. Pamsasa wa othawa madzi, wachifundo angakubwerekeni foni yake, koma nambala ya amayi anu sangakubwerekeni.

Taganizirani pakauntala ya polisi. Mwagwidwa usiku, mwina pamlandu woti simukuudziwa n'komwe. Wapolisi watsegula buku, akukuuzani kuti muvule lamba, muchotse zingwe za nsapato, mutulutse zonse za m'thumba. Foni wailemba m'buku n'kuitsekera m'dirowa. Ngati ndi wamtima wabwino, akufunsani kuti, "Tiwaimbire ndani kwanu?" Pamenepo mnyamata wamkulu wandevu zake amangoti kakasi, milomo ikunjenjemera: "Ziro naini naini... naini..." Yathera pomwepo. Agona m'chitokosi, kwawo akumufunafuna m'zipatala mpaka kumochale.

Choncho lowezani manambala atatu. Akhale a anthu okhala m'nyumba zosiyana, chifukwa tsoka likagwa panyumba limagwera onse a pamenepo. Akhale a netiweki zosiyana, wina wa Airtel wina wa TNM. Pa atatuwo pakhale mmodzi amene amayankha foni pakati pa usiku ndipo angathe kupeza ndalama ya ulendo kukacha. Nambala ya chibwenzi ilowezeni ngati mtima ukufuna, koma musaiwerengere pa atatuwa. Inu amene mukulota za ku Joni, njira ya Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge ndi yaitali, ndipo ena imakawathera ku Lindela, kumene amasungako anthu odikira kubwezedwa kwawo. Muli kunja, nambala ya kwathu imayamba ndi +265, ziro woyamba uja n'kumusiya. Ndi zazing'ono, koma osazidziwa amangomva foni ikukana. Pano pakhomo, onjezanipo 997 ya apolisi ndi 116 yothandiza ana amene akuzunzidwa.

Nambala ya chiphaso chanu cha unzika nayo ikhale m'mutu. Ndi yaifupi, zilembo zosakanikirana ndi manambala, koma kubanki, kofunsira ntchito ndi kolembetsa nambala ya foni aliyense akuifuna, ndipo chiphasocho chikatayika mumayambira pabwino mukaitchula. Nambala yachinsinsi ya Mpamba, Airtel Money kapena khadi la kubanki ili ndi lamulo lakelake: m'mutu ndi mokhamo mmene iyenera kugona. Musailembe kuseri kwa khadi, musaisunge m'foni, musaiuze ejenti kuti akusindikizireni, ndipo isakhale chaka chimene munabadwa, chifukwa wakuba amene watenga chikwama chanu watenganso chiphaso cholembedwa chakacho. Wina akakuimbirani n'kudzitchula kuti ndi wa kukampani ya foni, kuti mwapata mphoto koma mutchule kaye nambala yachinsinsi, dulani foniyo. Kampani ilibe nayo ntchito nambala imeneyo.

Pa za malamulo, sindikuti muloweze mabuku a maloya. Zinthu ziwiri zokha: malamulo aakulu a dziko lino amati munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti latsegula ngati maolawo athera pa tsiku lopuma; ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Munthu wodziwa ziwirizi amalankhula mwaulemu koma mosanjenjemera, ndipo abale ake sagulitsa mbuzi pachabe.

Tsopano za thupi, pamene kuchedwa kwa mphindi zochepa kumasiyanitsa moyo ndi maliro. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, chonsecho chimene chimapha wodwala kolera ndi kutha madzi m'thupi, ndipo madziwo angathe kubwezeredwa. Mwana akayamba kutsegula m'mimba usiku, chipatala chili kutali, kabaza palibe, si nthawi yofufuza pa intaneti. Paketi imodzi ya Thanzi imasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati paketi palibe: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yomweyo la mchere. Mumwetseni pang'onopang'ono muli panjira yopita kuchipatala. Muyezo umenewu uyenera kuloweza ndendende, chifukwa mchere ukachuluka umavulaza mwana amene mukufuna kumupulumutsa.

Zina ndi izi. Galu akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikayamba kuonekera sichichizika. Munthu akapsa ndi moto kapena phala, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Mazira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano zisafikepo. Wogwiriridwa, kapena amene wakhudzana ndi magazi okayikitsa, ali ndi maola 72 okha oti ayambe kumwa mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Mawu amenewa mwina simudzawafuna inu, koma mnzanu wa m'chipinda chimodzi kusukulu adzawafuna, ndipo iye pa nthawiyo mutu udzakhala utaima.

Dziwaninso za thupi lanu lenilenilo. Gulu la magazi anu ndi liti? Alipo mankhwala amene amakuwengani, monga Bactrim kapena penisilini? Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP, a khunyu kapena ma ARV, dzina lake lenileni ndi chiyani? Buku la kuchipatala limaiwalika kunyumba, limanyowa, limadyedwa ndi chiswe. Dokotala akafunsa, yankho loti "timapilisi toyera tating'onoting'ono" silimuthandiza, chifukwa toyera tating'ono tilipo mitundu yosawerengeka. Ngati mumasamala agogo kapena amayi odwala, mayina a mankhwala awo akhalenso m'mutu mwanu.

Mwaona kuti zonsezi sizikudzaza ngakhale tsamba limodzi la kope. Ndiye funso lachiwiri ndi lothandiza kupungula katundu: kodi chinthuchi chimasintha? Chosinthasintha chisapatsidwe malo m'mutu, chifukwa mutu ukagwira chinthu suvomera msanga kuti chatha ntchito. Amene tinakula kale tinkadziwa kamwedwe ka chloroquine ngati dzina lathu. Koma tizirombo ta malungo tinasiya kumva mankhwalawo, ndipo mu 1993 dziko lino linasinthira ku Fansidar. Nayenso anafooka, mu 2007 n'kubwera LA, amene amaperekedwa potsata kulemera kwa wodwala ndiponso atamuyeza magazi. Munthu womamatira zimene analoweza kale angamwetse mwana mankhwala olakwika ali wotsimikiza mtima, ndipo wotsimikiza mtima ndi woopsa kuposa wosadziwa, chifukwa wosadziwa amafunsa. Muyezo wa mankhwala a anthu, a ziweto, opopera mbewu kapena othira m'chimanga, werengani pabotolo kapena funsani alangizi nthawi iliyonse, ngakhale munagwiritsapo ntchito chaka chatha.

Mitengo ya zinthu ndi chimodzimodzi. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023. Woloweza mtengo wa thumba la simenti kapena la feteleza amangodzipweteka mtima ndi kukangana ndi ogulitsa. Pa malonda, choyenera kukhala m'mutu si mtengo koma masamu. Matebulo aja munkawaimba ku Sitandade 4 muli wonyinyirika ndi amene sadzagwa mphamvu. Venda wapachika thumba lanu la soya pasikelo, walemera makilogalamu 47, mwagwirizana K900 pa kilogalamu. Kakyuleta ili m'manja mwake, zala zikuthamanga, kenako akuti, "Fote sauzande, bwana." Amene matebulo ali m'mutu wawerengera kale: 50 kuchulukitsa ndi 900 ndi 45,000, kuchotsapo makilogalamu atatu, 2,700, yatsala K42,300. Wopanda masamu amalandira n'kuthokoza, K2,300 yapita akuona. Kumunda nakonso miyezo ina siisinthasintha: mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Zotere lowezani, zidzakutumikirani moyo wonse.

Palinso zinthu zimene mutu ungathe kuzigwira bwinobwino koma simuyenera kuukhulupirira nazo. Zonse zokhudza ndalama za pakati pa anthu awiri zipite m'kope. Pa ngongole, mutu umakondera mwini wake: wokongoza amakumbukira K50,000, wokongola amakumbukira K30,000, ndipo onse awiri angathe kulumbira osanama, chifukwa aliyense akunena zimene mutu wake wamukonzera. Maubale ambiri aphwasuka osati chifukwa cha kuba, koma chifukwa cha mawu oti "tidzakumbukira, si ndife amodzi." Amayi a banki m'khonde anazindikira zimenezi: sheya iliyonse imadindidwa m'kabuku pamaso pa gulu lonse, ngakhale onsewo ndi apachibale ndi a mpingo umodzi. Chitani chomwecho. Lembani tsiku, ndalama, tsiku lobweza ndi dzina la mboni. Ganyu musanayambe, malipiro alembedwe. Lendi mukapereka, landirani lisiti kapena sungani uthenga wa pafoni. Mbale wanu akati, "Bwanji, sukundikhulupirira?" muyankheni mofatsa kuti, "Achimwene, inu ndimakukhulupirirani, mutu wangawu ndi umene sindiukhulupirira."

Kalowezedwe kake nkosavuta. Mu 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anafalitsa zimene anapeza podziyesa yekha ndi timawu topanda tanthauzo: zambiri zimene munthu waloweza zimathawa m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, koma kubwereza kotalikirana kumazikhazika kuposa kubwereza kambirimbiri nthawi imodzi. Ndiye nambala muidule zigawo zitatu, muitchule mokweza, muibwereze madzulo, mawa, mkuja, kenako sabata yamawa. Pobwerezapo musayang'ane papepala. Dzifunseni kaye, mukakakamira ndiye muyang'ane. Njira yachidule kuposa zonse ndi iyi: anthu atatu aja, lekani kuwaimbira posindikiza dzina. Muzilemba nambala yonse ndi chala nthawi iliyonse, ndipo mwezi usanathe chala chidzaidziwa chokha. Ang'ono anu a ku pulayimale aphunzitseni dzina lenileni la bambo ndi la mayi, dera limene mumakhala ndi nambala imodzi. Mwana wosochera mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe amene akungodziwa kuti amayi ake dzina lawo ndi "amama" amavutitsa ngakhale ofuna kumuthandiza.

Funso lotsiriza ndi limene achinyamata ambiri simudzifunsa: kodi chinthuchi chinalembedwa penapake, kapena chili m'mutu mwa munthu mmodzi yekha? Mukapita kupolisi, kokatenga pasipoti kapena kolembetsa chiphaso, mafunso ndi omwe aja: mudzi, mfumu yaikulu, boma. Ambiri obadwira ku Ndirande, ku Chinsapo kapena ku Zolozolo amayankha boma lokha, zinazo mpaka aimbire amayi. Nanga tsiku limene amayiwo adzakhale ali m'bokosi, mudzaimbira ndani? Maliro adzalowera kuti? Mwinimbumba ndani? Ankhoswe a ukwati wa makolo anu anali ndani ndi ndani? Mfunda wa amayi anu ndi wa abambo anu mukuudziwa, kuti musadzatengane ndi mlongo wanu mutakumana ku koleji? Ku Zimbabwe ndi ku South Africa kuli zidzukulu za machona, amene agogo awo anapita kumigodi ndi kumafamu nthawi ya Wenela ndi Theba osabwerako. Ena mwa iwo amalankhula Chichewa, amavina Gule Wamkulu, koma akafuna kubwera kudzaona kwawo alibe poyambira, chifukwa chimene chinawafika ndi dzina la dziko lokha. Dzina la mudzi ndi la mfumu linapita ndi nkhalamba kumanda, popeza panalibe amene anafunsa.

Malire a munda ndiye nkhani yaikulu. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsera malo, koma minda yambiri ya m'midzi mwathu sinalembetsedwebe. Chikalata chake ndi agogo anu aakazi. Tsiku lina apempheni kuti muyende nawo. Adzatsogola ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, n'kuima pachulu: "Athu ayambira apa." Adzatsata mzere wa khonje amene anabzala amuna awo, n'kukhota pachitsa cha mkuyu umene unagwa kalekale, n'kutsetsereka mpaka kukhwawa. Pamenepo adzaloza tsidya: "Dimba ilo ndi lathunso. Tinangowabwereka anthu aja chaka cha njala, sitinawapatse ayi. Analipo ndi a nyakwawa akale ndi atsibweni ako." Mawu awiriwo, kubwereka ndi kupatsa, ndi amene adzagamule mlandu pabwalo zaka 20 zikubwerazi, pamene khonje adzakhale atazulidwa ndipo mzere wa mnansi utadya mapazi angapo chaka ndi chaka.

Zimenezi zilembeni m'kope, jambulani mawu a agogowo pafoni, jambulani chulu ndi chitsa chomwe. Koma zilowenso m'mutu, chifukwa pabwalo la mfumu amamvera munthu amene waimirira n'kufotokoza mwatchutchutchu kuti malowa anapereka ndi uje, kwa uje, pamaso pa uje ndi uje, ndipo akauzidwa kuti "tiyeni mukatilozere," amatsogola osadodoma. Wongoti "ndinamva kuti ndi kwathu" amabwerera chimanjamanja, ngakhale chilungamo chili chake.

Pa zonse ndatchulazi, izi ndi zimene zili ndi changu. Nambala ya foni mukaiiwala, wina akukumbutsani. Chiphaso chikatayika, a kuofesi ya ziphaso ya NRB akupangirani china. Muyezo wa Thanzi mungaufunse kwa mlangizi wa zaumoyo aliyense. Koma mayina a makolo ndi malire a munda alibe ofesi yokadandaulako, ndipo owasunga akukalamba. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma amagonera mwa amene anawamva. Tchuthi chikubwerachi, mvula isanagwe udzu n'kubisa zizindikiro, kwerani basi mupite kumudzi. Mukatenge kashuga, sopo ndi kope latsopano, mukakhale pamkeka, ndipo funso loyamba likhale lakuti, "Agogo, amayi anu dzina lawo anali ndani, nanga anachokera kuti?"